Funsani Tikuyankheni: Amayi a ku Zomba ndi Ufulu Wawo pa Zaumoyo

Makalata a mwezi uno achokera m'boma la Zomba. Ayankhidwa ndi azamba pamodzi ndi odziwa malamulo. Mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

Ndife amayi 22 a banki m'khonde. Nkhani yosatha pagulu pathu ndi yakuti ena amabwezedwa kuchipatala akapita kukayamba sikelo kapena kukatenga njira yolera, ati abwere ndi bambo kapena kalata ya amfumu. Ena amuna awo ali ku Joni, ena banja linatha. Kagulu ngati kathu kangachitepo chiyani?
Mlembi wa gulu, kwa T/A Mwambo

Amayi, lamulo lili kumbali yanu. Ndime 19 ya lamulo la Gender Equality Act la 2013 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha uchembere, wosankha njira yolera, komanso wosankha kuti abereka ana angati ndipo liti. Ndime 20 imalamula wogwira ntchito yachipatala kupereka njira zolera kwa aliyense wozifuna, kaya ali pabanja kaya sali pabanja, kaya wabwera ndi mwamuna kaya wabwera yekha. Kuphwanya ndime imeneyi ndi mlandu. Zobwera ndi bambo ku sikelo zinayamba ndi cholinga chabwino, chakuti onse awiri ayezedwe magazi ndi kumvera uphungu limodzi, koma si chiphaso cholowera pakhomo la chipatala. Ngakhale malamulo a m'mudzi atanena zimenezo, sangapose lamulo la dziko.

Kubweza mayi kuli ndi mtengo wake. Wobwezedwa pathupi pali pa miyezi itatu amatha kubweranso pali pa miyezi isanu ndi umodzi. Apo n'kuti atachedwa kulandira mapiritsi owonjezera magazi, neti, Fansidar woteteza ku malungo, ndi ma ARV ngati akanapezeka ndi kachilombo.

Yambani ndi kope la sukulu, lapadera, losasakaniza ndi la ndalama za banki. Mayi aliyense akabwezedwa, mlembi alembe tsiku, nthawi, chithandizo chimene amafuna, mawu enieni amene anauzidwa, ndalama ngati anauzidwa kuti alipire, komanso ngati anapatsidwa lisiti. M'malo mwa dzina lembani nambala, chifukwa kope limayenda m'manja ambiri ndipo ena amalera amuna awo asakudziwa. Chitani zimenezi kwa miyezi iwiri. Mawu akuti "amatibweza nthawi zonse" munthu amawakana mosavuta, koma amayi asanu ndi anayi olembedwa masiku awo sakanika.

Mukatero lembani kalata yopita ku komiti yoyendetsa chipatala chanu chaching'ono. Komitiyi ili ndi anthu a m'midzi yanu yomweyo, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza anthu ndi achipatala. Kalata ikhale pawiri: ina musiye, ina wolandirayo asayine ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo. Magulu ambiri amagwera pamenepa. Amapereka kalata imodzi, ikasowa alibe umboni woti anafikako. Musapemphe zinthu khumi. Sankhani ziwiri kapena zitatu zotheka, monga kuti pakhoma pamatidwe chidziwitso chakuti mayi wobwera yekha athandizidwa, ndi kuti kalata ya amfumu isafunsidwenso.

Pali njira ina imene bungwe la CARE linayambitsa konkuno ku Malawi mu 2002, yopatsana malikisi. Amayi amakhala paokha, achinyamata paokha, abambo paokha, n'kupereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa zinthu monga ulemu, nthawi yotsegulira, kupezeka kwa mankhwala ndi kusunga chinsinsi, ndi kulemba chifukwa cha malikisi aliwonse. Achipatala nawo amadzipatsa malikisi pa zinthu zomwezo. Kenaka onse amakumana pamaso pa mafumu ndi woimira ofesi ya zaumoyo ya boma, n'kugwirizana chochita, wochita ndi tsiku lomaliza. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi amabwereza kuti aone ngati malikisi akwera.

Chimene chimaononga misonkhano yotereyi ndi kuisandutsa bwalo loweruza nesi mmodzi. Akangomva dzina lake likutchulidwa pagulu amatseka makutu, anzake n'kumuikira kumbuyo, nkhani n'kuthera pompo. Kumbukiraninso kuti pazipatala zina mzamba mmodzi amagwira usana ndi usiku, ndipo mankhwala akatha si iye wawamaliza. Mukamenyera nawo kuti boma liwonjezere antchito, mwapeza bwenzi mkati mwa mpanda. Pewaninso kujambula anthu n'kumwaza pa WhatsApp, ndipo nsalu za chipani zitsale kunyumba tsiku la msonkhano.

Zikapanda kusintha, pitani ndi kope lija kwa ombudsman wa zipatala, amene amalandira madandaulo a odwala, ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo nkhaniyo ilowenso m'maminitsi a makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, VDC ndi ADC. Nkhani ya kutukwanidwa kapena kumenyedwa pobereka imapita ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamulo la 2013 lija likutsatidwa, choncho nalonso lingalandire dandaulo lanu.

Ndabayitsa jakisoni wolera wa Depo kwa zaka ziwiri ndipo msambo unasiya. Apongozi akuti magazi akuundana m'mimba, sindidzaberekanso. Achemwali anga anaikitsa njira yolera ya pamkono koma anatenga pathupi. Ndimvere ziti?
Mayi wa ana awiri, Chinamwali

Mayi, palibe magazi amene akuundana. Msambo ndi chikutiro cha mkati mwa chiberekero chimene chimakula mwezi ndi mwezi, n'kuyoyoka ngati simunaime. Depo amaletsa dzira kukhwima ndipo amachititsa kuti chikutirocho chisakule, ndiye palibe choti chituluke. Amayi ambiri obayitsa kupitirira chaka amasiya kusamba, ndipo si matenda.

Apongozi anu akhudza pang'ono chinthu choona. Depo sachititsa munthu kukhala wosabereka, koma mphamvu yake imachedwa kutha. Ambiri amaima pakapita miyezi pafupifupi 10 chibayitsireni jakisoni womaliza, ena amapitirira chaka. Ngati mukufuna mwana chaka chamawa, ino ndiyo nthawi yokambirana ndi anamwino zosinthira ku mapiritsi kapena makondomu. Ngati simukufuna, bayitsani masabata 13 aliwonse. Mukachedwa osapitirira masabata anayi mungathe kubayitsabe. Mukapitirira apo, ayambe atsimikiza kuti simuli ndi pathupi, ndipo mugwiritse ntchito kondomu masiku 7 oyamba. Kwa amene chipatala chili kutali kapena mlatho umaduka nthawi ya dzinja, funsani za Sayana Press. Ndi mankhwala a mtundu womwewo, a kasingano kakang'ono kobaya pansi pa khungu pantchafu kapena pamimba, ndipo mukaphunzitsidwa mumadzibaya nokha kunyumba. Musungeni posafika dzuwa ndi ana, ndipo singano yogwiritsa kale ntchito muiike m'botolo lotseka.

Za achemwali anu, njira ya pamkono ili m'gulu la njira zodalirika kwambiri, ndipo ikalephera pamakhala chifukwa. Mwina anaikitsa ali kale ndi pathupi pongoyamba kumene. Mwina nthawi inatha: Implanon, wa kandodo kamodzi, ndi wa zaka 3, pamene Jadelle, wa timitengo tiwiri, ndi wa zaka 5. Chifukwa chachitatu n'chimene ambiri sauzidwa. Mankhwala ena amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mphamvu ya njirayi, makamaka rifampicin wa TB, ma ARV okhala ndi efavirenz, ndi mankhwala ena a khunyu monga phenobarbitone ndi carbamazepine. Mapiritsi olera nawo amafooka ndi mankhwala a TB ndi a khunyuwa. Depo ndi lupu sizifooka. Ndiye buku lanu la kuchipatala lizionetsedwa lonse kwa wopereka njira yolera, osabisa masamba.

Dziwaninso kuti ya pamkono mungaichotsetse tsiku lililonse mwafuna, ngakhale zaka zisanakwane. Thupi ndi lanu.

Mwana wa achemwali anga, wa zaka 13, wagwiriridwa ndi wachibale. Akuluakulu akuti tikambirane pachiweniweni, wolakwayo apereke mbuzi, tisachititse manyazi mtundu. Mtima wanga ukukana.
Mayi wamng'ono, Thondwe

Mtima wanu ukunena zoona, mayi. Aliyense wowerenga asunge manambala awa pamtima, chifukwa pa nkhani iyi maola ndiwo amalamula. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kuyamba tsiku lomwelo n'kwabwino koposa. Amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 28. Mapiritsi oteteza pathupi pangozi amagwira bwino m'maola 72 omwewo, ndipo angaperekedwe mpaka maola 120. Mwana akasanza pasanathe maola awiri atamwa, ayenera kumwanso. Masiku atatu amene banja limathera pokambirana pansi pa mtengo ndi omwewo amene mankhwala akanamuteteza.

Thamangirani kuchipatala choyamba. Kalata ya apolisi isakuchedwetseni, chithandizo sichiyenera kudikira kalata. Pa Zomba Central Hospital pali One Stop Centre, imene ena amaitcha Chikwanekwane, pomwe achipatala, apolisi, a zachisamaliro cha anthu ndi aphungu amagwirira ntchito limodzi kuti mwana asazungulire maofesi akufotokoza zomwezomwezo. Ngati muli kutali, yambani pachipatala chapafupi kuti mankhwala ayambike. Ngati n'kotheka mwana asasambe ndipo zovala zisachapidwe. Zikulungeni m'pepala kapena m'nyuzipepala, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi cha m'pulasitiki chimaononga umboni. Koma ngati wasamba kale, kapena masiku apita ambiri, pitanibe. Alandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana, ayezedwa, ndipo dokotala alemba lipoti limene limagwira ntchito kukhoti.

Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support. Lembani nambala ya mlandu, dzina la wofufuza ndi tsiku. Mungathenso kuimba ulere pa 116, nambala yothandiza ana, kapena pa 5600 ya nkhanza, zimene bungwe la YONECO la konkuno ku Zomba limayendetsa.

Mlandu wogona ndi mwana si wa kwa nyakwawa, ndipo mbuzi siufafaniza. Milandu yambiri yotere imafera m'njira pa zifukwa zodziwika: mboni imanyengereredwa kuti isapite kukhoti, mwana amasamutsidwira kutali tsiku la mlandu, kapena achibale amamufunsa mobwerezabwereza mpaka asokonezeke. Mumvereni kamodzi, mumuuze kuti mwamukhulupirira ndipo si iye wolakwa, zotsalazo musiyire ophunzitsidwa. Asagonenso nyumba imodzi ndi womuchitira nkhanzayo. PEP amatha kuchititsa mseru ndi kufooka masiku oyamba, ndipo ana ambiri amalekera panjira ngati palibe wamkulu wowayang'anira. Inu mukhale wamkuluyo, ndipo mubwerere naye pa masiku onse olembedwa m'buku, kuphatikizapo loyezanso magazi.

Ndili mu Mother Group, gulu la amayi lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu. Mtsikana wa Fomu 2, wa zaka 16, ali ndi pathupi ndipo makolo akukonza zoti alowe m'banja. Akuti sukulu yatha basi.
Mayi wa Mother Group, Domasi

Ukwati umenewo ndi wosaloledwa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu February 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko n'kutseka mpata umene unalipo woti wa zaka 15 akwatiwe makolo akavomera. Ngati mwini pathupiyo ndi munthu wamkulu, palinso mlandu wa kupolisi.

Koma lamulo lokha silibweza mwana m'kalasi. Kuno kwathu kwa chikamwini, mukalankhula ndi bambo ndi mayi okha mwasiya mwini nkhani. Pitani kwa amalume ake, eni mbumba, chifukwa ukwati sumangidwa iwo atakana. Tengani mayi mnzanu mmodzi ndi wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, ndipo anyakwawa adziwe. Mafumu ali ndi mphamvu pa nkhanizi: Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuimitsa paudindo nyakwawa zowavomereza.

Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993, ndipo inakonzedwanso mu 2018. Kholo lipite kwa ahedi ndi kalata yonena kuti mwana waima kaye chifukwa cha pathupi ndipo adzabwerera, lisunge kalata inzake. Amene amangosowa osalemba kanthu amavutika pobwerera. Ngati akuopa kusekedwa, apemphe transifa. Musanachoke pakhomopo, funso ili liyankhidwe: adzalera khanda ndani nthawi ya sukulu, ndipo sopo ndi phala zidzachokera kuti? Atsikana ambiri ochotsedwa m'banja amabwererako chifukwa cha njala. Chithandizo cha mwana chingasumiridwe kukhoti popanda ukwati, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya.

Pakali pano ayambe sikelo msanga ndipo adzachilire kuchipatala. Chiuno cha mtsikana wa msinkhu uwu chimakhala chisanakhwime, mwana amatha kukakamira panjira, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera fistula, matenda otayira mkodzo osaleka. Mwezi womaliza akadikirire kuchipatala.

Mnzanga wapita padera ndipo akutaya magazi masiku anayi tsopano. Akukana kupita kuchipatala poopa kuti amunena kuti wachotsa dala, amuitanira apolisi.
Mtsikana wa ku koleji, Chikanda

Achemwali, mutengeni lero. Chithandizo cha mayi amene pathupi pachoka chimaperekedwa m'zipatala za boma mwaulere, posayang'ana kuti pachoka bwanji, ndipo wachipatala ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala. N'zoona kuti lamulo la milandu la Penal Code limaletsa kuchotsa pathupi kupatula pamene moyo wa mayi uli pachiswe, ndipo bilu yofuna kuwonjezera zifukwa zina aphungu anakana kuikambirana mu 2021. Koma palibe lamulo loletsa kupulumutsa munthu amene akutaya magazi.

Choopsa ndi zotsalira m'chiberekero. Zimachititsa kuti chiberekero chisatsekeke, magazi n'kumangotuluka, kenaka zimaola n'kulowetsa matenda m'magazi. Zizindikiro zoti musadikire kuti kuche ndi izi: kunyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, kutentha thupi, kuzizidwa, zotuluka zonunkha, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, chizungulire kapena kukomoka. Kuchipatala amachotsa zotsalirazo ndi kachipangizo kopopa ndi manja, ntchito ya mphindi zochepa, kapena ndi mapiritsi a misoprostol, n'kuperekanso mankhwala opha tizilombo ngati pakufunika. Auze dokotala zoona zonse za chimene anamwa kapena kuika, chifukwa chithandizo chimasiyana. Asanatuluke afunse za kulera, popeza munthu angathe kuimanso pakangotha masabata awiri, msambo usanabwerere.

Amati poyeza khansa ya khomo la chiberekero amatulutsa chiberekero n'kuchibwezeranso. N'zoona? Nanga katemera wa atsikana uja saletsa kubereka?
Agogo, Songani

Ayi, agogo, palibe chimene chimatulutsidwa. Mzamba amalowetsa kachipangizo kotsegula njira kuti aone khomo la chiberekero, amapakapo viniga wosungunula, n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amayera. Akakhala aang'ono amawatentha ndi kachipangizo kapadera tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo. Pambuyo pake kumatuluka madzimadzi kwa masabata angapo, ndipo ayenera kupewa kugonana pafupifupi mwezi wathunthu kuti pachire. Apa abambo afotokozeredwe bwino, chifukwa chilonda chikasokonezedwa chimatuluka magazi. Pakatha chaka abwerere kukaonedwanso.

Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa iyi imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho imatenga zaka zambiri isanakhwime, ndipo nthawi yonseyo munthu samva kuwawa. Amayi a zaka 25 mpaka 49 ayezetse ali bwinobwino, ndipo amene ali ndi HIV aziyezetsa pafupipafupi monga awalembera m'buku. Kutaya magazi mutagonana, kapena mutasiya kale kusamba, n'kofunika kukaonetsa msanga pa msinkhu uliwonse.

Katemera wa HPV amateteza ku kachilombo koyambitsa khansayi, ndipo sakhudza kubereka. Zomba ndi Rumphi ndi maboma amene anayamba kumulandira mu 2013, asanafalikire dziko lonse mu 2019. Amaperekedwa kwa atsikana aang'ono, kuyambira zaka 9, chifukwa amagwira bwino munthu asanakumane ndi kachilomboko.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni. Abwana ataona kuti ndili ndi pathupi andiuza kuti mwezi ukatha ndisabwerenso.
Mayi woyembekezera, Sadzi

Mayi, lamulo la Employment Act limakhudzanso antchito a m'nyumba, ngakhale munalembedwa pakamwa. Limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Musasayine pepala lonena kuti mwasiya nokha. Sonkhanitsani umboni woti mumagwira ntchito pamenepo: tsiku limene munayamba, mauthenga a pafoni, mbiri ya malipiro ngati amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi mnansi amene amakuonani tsiku ndi tsiku. Pitani nazo ku ofesi ya Labour ku boma pamodzi ndi buku lanu la sikelo. Kumeneko amaitanitsa abwanawo kuti mukambirane, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations Court. Madandaulo a zantchito ali ndi nthawi yake yoperekera, choncho pitani sabata yomwe ino, musadikire kuti muchire kaye.